Thiranki ya Asisi

Nyumba yathu ya ku Kafue atate anailembetsa m'dzina la amayi. Inali nyumba ya kampani ya fetereza, imodzi mwa zija zofanana mzere wonse, moti woledzera ankagogoda pakhomo la eni ake. Kampaniyo itayamba kugulitsa nyumbazo kwa antchito amene ankakhalamo, atate anagula yathuyo, ndipo zonse zitatha anapita kukasinthitsa dzina. Anzawo a kuntchito anawaseka koopsa. Amvekere, "Mudala, mukazi akakupitikisa uzagona kuti?" Atate ankangoyankha kuti, "Ine ndine mkamwini. Kwathu ku Dedza nyumba ndi ya mkazi ndi ana ake. Changa ndi chipewa ndi njinga." Ndipo zinaterodi. Atamwalira, abale awo anabwera kuchokera ku Malawi, analira, anagona pabwalo, ndipo pobwerera ananyamula chipewa chija, jekete ndi njinga. Ngakhale sipuni sanakhudze.

Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwe mtundu wa anthu amene anandilera. Tinkakhala m'tauni, koma malamulo a m'nyumba anali a ku Dedza. Kunja tinkathamanga ndi anzathu tikupatsana moni wa m'tauni wakuti "shani", tikumvera kulira kwa sitima ku siteshoni, tikutseka mphuno mphepo ikabweretsa fungo la ku fakitale. Madzulo azibambo ankatuluka kuntchito pa njinga, maovolosi ali mbuu, ife n'kumalimbirana kunyamula kachitini ka atate ka chakudya poyembekeza kuti mwatsala kanthu. Koma ukangolowa pageti ndi chilankhulo cha kumsewu, amayi ankati, "Zimenezo uzisiye panja pamodzi ndi matope." Ndimaisowa Kafue imeneyo, ndipo sindichita manyazi kunena.

Ana tinalipo atatu: asisi, ine, ndi mlongo wanga wamwamuna amene ndi mzime. Asisi amayi sanawabereke. Anali mwana wa akulu awo a amayi, amene anamwalira kumudzi mwanayo akadali woyamwa. Amayi n'kuti atangokwatiwa kumene. Anapita kumaliro ali okha, anabwerako ali ndi khanda kumsana. Ine ndinabadwa pambuyo pake. M'Kafue monse amayi ankadziwika ndi dzina la asisi, amake uje, monga mmene mayi aliyense amatchulidwira ndi mwana wake woyamba. Kumsika, kutchalitchi, kuchipatala, dzina linali lomwelo. Iwo eni ankati "chisamba changa", ndipo ine ndinakula ndikudziwa kuti ndine wachiwiri.

Ndili wamng'ono, mayi wina wochokera kumudzi anabwera kudzacheza, ndipo ataona asisi anafunsa kuti, "Kodi uyu ndi wa malemu uja?" Mlendo atapita ndinafunsa amayi kuti malemu ake ati. Ee, khutu langa linaona zakuda tsiku limenelo! Analipotokola uku akunena kuti, "Pakamwa pakopo! Ana sawafunsa mimba." Nkhani inathera pomwepo. Tonse tinkadziwa, asisinso ankadziwa, koma m'nyumba muja mawu amenewo sanatulukenso pakamwa pa munthu.

Asisi anakwatiwa ku Mazabuka. Mulungu sanawapatse mwana, ndipo amuna awo atamwalira, achibale a mwamunayo anafika ndi lole maliro asanazizire n'komwe. Anatenga mipando, mbale, bedi, mpaka makatani a pawindo, anthu a pamzere ataima m'mipanda kuonerera. Asisi anabwerera ku Kafue ndi thiranki yokha, ija yachitsulo yobiriwira imene atate anawagulira popita kusukulu yogonera komweko. Anaikankhira kunsi kwa bedi m'kachipinda kakang'ono, anasamba, n'kufunsa amayi ngati ndiwo zinalipo. Kuyambira pamenepo anayamba kupita ku Chanyanya kukagula nsomba kwa asodzi n'kumadzagulitsa kumsika. Amayi atayamba kudwala shuga ndi miyendo, amene ankawasambitsa, kuwadula zikhadabo ndi kukangana nawo za mchere anali asisi. Ine ndinali pabanja panga ku Shikoswe, ndikuphunzitsa ku Chilanga, moti ndinkabwera Loweruka ndi Lamlungu basi.

Mlongo wanga si munthu woipa, ndinene zoona. Amagwira ntchito ku Lusaka, anasiya mpingo wathu n'kulowa wa Pentekoste, ndipo mutu wake ndi wodzaza mapulani. Akaona malo opanda kanthu thupi limamuyabwa. Lamlungu lina titadya nshima, amayi atapita kukagona, iye anayamba kuzungulira pabwalo manja ali m'thumba, akuyang'ana mitengo ya mango imene atate anabzala.

"Iyi puloti ni ikulu maningi," anatero. "Ngati tagwetsa iyi nyumba, apa pangangene mafulati. Olo kugulisa chabe, tigabane."

Ndinamufunsa kuti nanga asisi adzakhala kuti. Asanayankhe, mkazi wake, mlamu wangayo, analowererapo, mawu ake ali osalala ngati akufunsa za mtengo wa tomato. "Nanga ba sisi si ba kazeni chabe? Ku malamulo sibapendewa." Ankatanthauza kuti lamulo siliwawerenga ngati mwana wa m'nyumbamo.

Kuseri kwa nyumba asisi ankapala nsomba. Ndinkamva mpeni ukulira pa mamba, kenako unangoti zii. Patapita kanthawi unayambanso.

Ine mtima wanga suchedwa kuwira, zimenezo aliyense amadziwa. Ndinawauza awiriwo mawu amene mphunzitsi sayenera kulemba m'buku. Koma nditakwera minibasi kubwerera kwanga, chimene chinkandiluma sichinali chipongwe cha mlamu ayi. Chinali funso lakuti, nanga ngati akunena zoona?

Kwathu loya tinkamuona ngati munthu wa akuba ndi andale. Palibe m'bale wanga amene anapondapo mu ofesi ya loya, ndiye sindinkadziwa n'koyambira komwe. Ndinafunsa mkulu wa mpingo, iye anandiuza kuti tiike zonse m'pemphero. Ndinavomera kuti pemphero ndi labwino, koma mumtima ndinati asisi ku Mazabuka kuja ankapempheranso. Ndinapita ku Boma, ndipo ndisanalowe n'komwe, bambo wina wa tayi wokhala pansi pa mtengo anandikodola, akuti amalemba wilu pompopompo, chidindo ali nacho m'chikwama. Fungo la mowa limene linatsogola mawu ake linandiyankha lokha. Ndinayesanso ku Lusaka, m'nyumba ina yaitali yozizira ngati m'firiji, kumene mtsikana wa pakhomo anayamba wayang'ana nsapato zanga asanayang'ane nkhope, n'kundiuza kuti ndibwere tsiku lina. Ndinadzifunsa kuti amayi ndi miyendo yawo ija ndidzawafikitsa bwanji kumeneko.

Safunsa anadya phula. Tsiku lina m'minibasi ndinakhala pafupi ndi mayi wina wamasiye amene amagulitsa salaula, zovala zija zakaunjika, ndipo poti pakamwa panga sipatseka, ndinamukhuthulira nkhani yonse. Iye anaseka. "Mwavutikilanji kuyenda ku Lusaka? Alipo loya muzimayi mwamene muno mu Kafue, pamwamba pa shopu ya misomali na penti, pafupi na siteshoni. Ndiye ananithandiza ine." Zaka zonsezi ndinkadutsa pansi pa windo lake osadziwa.

Kaofesi kake kanali kakang'ono, makoma a matabwa, fani ikulira ngati njinga yopanda girisi. Loyayo anali mayi wa msinkhu wangawu, wosathamanga polankhula. Anandisiya ndilankhule mpaka mpweya unandithera, kenako anandifotokozera. Munthu akamwalira osasiya wilu, anatero, lamulo ndilo limagawa, ndipo lamulo likati ana limanena obadwa kwa iye kapena amene anawatenga kudzera kukhoti. Mwana woleredwa mwamwambo, ngakhale ataleredwa kuyambira ali khanda, pa nyumba sakhala ndi mawu. Ndinafunsa za adiminisitireta, uja achibale amasankha pamaliro kuti ayendetse za chuma cha masiye. Anati ameneyo ndi wogawa chabe, si mwini, ndipo sangapatse munthu chimene lamulo silinamupatse. Koma popeza nyumba ili m'dzina la amayi, iwo akhoza kulemba wilu n'kunena zofuna zawo, bola abwere okha ndi mtima wawo, mutu uli bwino, pakhale mboni ziwiri zosalandirapo kanthu.

"Ndiye kuti mlamu wanga uja akunena zoona?" ndinafunsa.

"Pa lamulo, inde," anatero. "Koma amayi banu bakali moyo."

Ndinatsika masitepe. Ndinali ndi mkwiyo, koma wosowa womukwiyira.

Amayi ndinawapeza pakhonde akusankha nyemba. Ndinazungulira nkhani, ndinayamba ndi za miyendo yawo, za mvula, kenako ndinaitula. Anaika lichero pansi.

"Ukundikumbira manda ndikadali kupuma?"

"Ayi amayi, ndi pepala chabe."

"Pepala lonena kuti chiyani? Kuti ndili ndi ana awiri ndi mlendo mmodzi? Ine ndikakhale pamaso pa munthu wachilendo, ndiyambe kusankhula ana anga ngati nyembazi? Ndikangolemba, ndiye kuti ndavomera kuti pali kusiyana. Palibe kusiyana!"

Ndinawauza kuti lamulo la kuno silidziwa zimenezo. Iwo anati lamulo silinalere mwana. Anati tsiku lawo likadzafika, a kumudzi adzabwera monga anabwerera pa maliro a atate, adzakhala pansi n'kunena kuti nyumba ndi ya mbumba, ndipo palibe adzatsutse. Ndinawafunsa kuti a kumudzi ake ati. Amalume anapita, azakhali anapita, otsalawo ndi ana amene sanaponde ku Kafue, ena timangowaona pa foni. Amayi anatola lichero lawo n'kunena kuti ndawasokosa mokwanira. Apa m'pamene panali kulakwitsa kwathu, ife a m'nyumba ija. Tinkaganiza kuti Dedza akadali kuseri kwa geti, kuti tikadzangoitana adzalowa.

Ndinayesa kangapo, osaphula kanthu. Ndikayamba nkhaniyo amayi ankayamba kuimba nyimbo ya m'buku la kutchalitchi mokweza mpaka ndisiye. Asisi nawo anandiletsa. "Asiye amayi," anatero. "Usawadwalitse chifukwa cha ine."

Chimene chinawatembenuza sindine. Tsiku lina m'mawa ndolo ya amayi inagwa n'kugubudukira m'kachipinda ka asisi, ndipo powerama kuti aikokere ndi ndodo yawo, anaona kuti kunsi kwa bedi kuli mbee. Thiranki panalibe. Panangotsala chizindikiro chake pa simenti, pamalo pamene polishi sankafika. Linali Loweruka, ine ndinalipo, ndipo asisi atabwera kuchokera kumsika amayi anawadikirira pakhomo.

"Chisamba, thiranki ili kuti?"

Asisi anatula beseni la nsomba. Anati ili ku Chanyanya, kwa mayi wina mnzawo wa malonda amene ali ndi kachipinda kuseri kwa nyumba yake, ndipo anawalonjeza kuti kadzakhala kawo nthawi ikadzakwana.

"Nthawi yanji?"

Asisi anayang'ana pansi. Kenako analankhula mofatsa, mmene amalankhulira nthawi zonse. "Amayi, ine ndinatulutsidwapo kale m'nyumba anthu akuonerera. Kachiwiri ayi. Ndikufuna tsikulo ndidzatuluke ndekha, ngati ndikupita kukagula nsomba, manja ali lende."

Sindinaonepo nkhope ya amayi ikugwa chotero, ngakhale pa maliro a atate. Analowa kuchipinda n'kutseka chitseko, ndipo tsiku limenelo sanadye. Ine ndinalira, ndinalirira kubafa kuti asisi asandione.

Lolemba m'mawa foni yanga inalira ndili pa siteji ya minibasi. Anali amayi. "Lero ana a eni akewo aphunzitsidwe ndi ena. Bwera unditengere kwa loya wakoyo."

Ndinawapeza atavala kale chitenje chawo cha paukwati wa mlongo wanga, duku lomangidwa mwaukali, nsapato zakuda zimene zinkawafinya. Tinakwera takisi mpaka pa shopu ya misomali. Masitepe aja anawakwera okha, akupuma pa lililonse, ndipo nditati ndiwagwire mkono anandikankha. Loya anawalandira ndi manja awiri, anawapatsa mpando wake womwe, kenako anandiuza kuti ndidikire panja, chifukwa ayenera kumva kuchokera kwa mwini wake popanda mwana womuyang'ana pakamwa. Ndinakhala pa benchi m'khonde. Koma khoma la matabwa silisunga chinsinsi, ndipo amayi sanaphunzirepo kunong'ona.

Loya anawafunsa dzina, kumene amakhala, tsiku la sabata, ndi ngati pali amene wawakakamiza kubwera. Amayi anati, "Kundikakamiza ine? Mumufunse amene ali panjayo ngati zimatheka." Ndinamva loya akuseka.

"Muli na bana bangati, amayi?"

"Atatu."

"Bonse munababala imwe?"

Ndinagwira benchi ndi manja onse, chifukwa ndinkadziwa kuti apa amayi akhoza kuimirira n'kutuluka. Loya anafotokoza modekha kuti sakufunsa mwachipongwe. Anati ayenera kudziwa zoona zake kuti alembe mwa njira yoti munthu asadzapeze pogwira.

Ndiye amayi anayamba. Ananena za maliro a akulu awo, za khanda limene linkalira usana wonse anthu akulipatsirana. Anati iwo anali mtsikana, mabere opanda kanthu, koma analitenga. Ananena za ulendo wobwerera, pa lole, pa basi, kenako pa sitima, akulimwetsa phala lamadzimadzi ndi kasipuni, anthu m'njira akuwauza kuti mwanayo safika. Anati atatsika pa siteshoni ya Kafue, yomweyi ikuoneka pawindoyi, atate anawachingamira, anasuzumira kumsana, n'kunena kuti, "Wafanana ndi ine mphumi." Zimenezi ine ndinali ndisanazimvepo chibadwire.

"Ndiye mwafunsa, ndikuyankheni," anatero amayi. "Awiriwo ndinawanyamula kutsogolo. Uyu ndinamunyamula kumbuyo. Kulemera kwake n'chimodzimodzi. Inu lembani kuti mwana wanga."

Loya anati alemba choncho, mwana wanga, ndipo aikapo dzina lonse la asisi ndi nambala ya chitupa chawo kuti pasadzakhale wofunsa kuti akunena uti. Amayi ananena zofuna zawo momveka: asisi akhale m'nyumbamo moyo wawo wonse, pasapezeke wogulitsa, wogwetsa kapena wolowetsamo alendi iwo ali moyo, ndipo akadzapita nyumbayo idzakhale ya ife awiri ndi ana athu. Kenako loya anafunsa kuti asankha ndani woti adzaonetsetse kuti zimenezi zachitika. Ine pa benchi paja ndinakonza kale kolala, poti nanga ndani wina?

"Mzime wanga," anatero amayi.

Ndinatsala pang'ono kugwa. Mwamuna yemwe uja wa mafulati! Potuluka, mboni zitasaina, mwini shopu ya pansi ndi mayi wina wosoka zovala pafupi pomwepo, ndinalephera kudzigwira. M'takisi ndinati, "Amayi, mwasungitsa nyama kwa fisi." Iwo anati, "Unkamvetsera eti? Makutu akowo sanaphunzirebe."

Amayi sanafune kuti pepalalo lidzalankhule iwo atagona. Anati pepala lilibe nkhope, munthu akhoza kulikwiyira. Lamlungu lotsatira anatiitana tonse, tinakhala pansi pa mango masana, ndipo ananena zonse ndi pakamwa pawo, mlamu ali pomwepo. Mlongo wanga nkhope inachita mdima.

"Amami, nanga simunikhulupilira? Mpaka kuyenda ku maloya?"

"Ndikukukhulupirira, n'chifukwa chake ndasankha iwe," anatero amayi. "Kwathu mwamuna pakati pa alongo ake ndiye mwini mbumba. Mwini mbumba sadya za alongo ake, amawachinga. Amalume ako akanakhalapo ikanakhala ntchito yawo, koma kulibe, ndiye yagwera iwe. Ndikufunse, unakulira pamsana pa ndani ine ndikakhala kumunda wa kumtsinje?"

Aliyense ankadziwa kuti anakulira pamsana pa asisi, mpaka anzawo ankawaseka kuti ali ndi mwana asanamalize pulayimale. Mlamu anayang'ana zikhadabo zake. Asisi anaimirira n'kunena kuti akukatereka madzi a tiyi. Mlongo wanga anachoka tiyi asanapse, ndipo anakhala milungu ingapo osaponda pakhomo. Atayambanso kubwera, za puloti sanazitchulenso, komanso za pansi pa mango paja sanazitchule. Zimene zinali mumtima mwake palibe ankadziwa.

N'chifukwa chake thiranki sinabwerere. Amayi anafunsa kangapo, nthawi zina mlongo wanga ali pomwepo, asisi ankangoti aitenga mawa, galimoto ya nsomba inadzaza, mvula yawononga msewu. Kwa ine ananena zoona. "Pepala ndalimva," anatero, "koma ku Mazabuka kunalinso mapepala." Ndinawakalipira, ndinawachonderera, koma asisi akakana amakana mwakachetechete, ndipo munthu wotero sungamugonjetse.

Amayi anatisiya m'nyengo yozizira, m'chipinda chawo, asisi atawagwira dzanja. Kuchokera ku Dedza kunabwera anthu awiri okha, achinyamata aulemu amene sankadziwa n'komwe kuti wamkulu ndani pakati pathu. Titaika maliro, achibale ndi akumpingo anakhala pabwalo monga mwa mwambo kuti amve za katundu. Ndinatulutsa kope ya wilu imene loya anatipatsa, mkulu wa mpingo anaiwerenga mokweza, ndipo atafika pa mawu akuti mwana wanga, asisi anaphimba nkhope ndi chitenje. Maso onse anapita kwa mlongo wanga. Iye anangoti, "Namvela." Mawu amodzi omwewo basi. Anthu anabalalika, ine ndinatsala ndi nkhawa yanga, chifukwa kumva ndi kuchita ndi zinthu ziwiri.

Masiku otsatira asisi ankagonabe m'kachipinda kawo, chipinda cha amayi chili chotseka. Ankasesa pabwalo, kuthirira ndiwo za kuseri, koma ndinaona kuti zovala zawo zili m'chikwama cha pulasitiki chokolekedwa pamsomali, ngati za munthu wodikira basi. Zinkandipweteka kwambiri.

Loweruka lina masana tili pakhonde ndi asisi tikusadzula nkhwani, tinamva galimoto ikuima pageti. Inali ya mlongo wanga, matayala ndi zitseko zili matope okhaokha, ndipo fungo la nsomba linatipeza iye asanatsike. Anatsegula kumbuyo, anakoka thiranki yobiriwira ija, n'kuisenza paphewa yekha, malaya ake oyera a kutchalitchi akudetsedwa ndi dzimbiri. Anadutsa pakati pathu osapereka moni. Ndinamva mapazi ake akupitirira kachipinda kakang'ono, kenako chitseko cha amayi chikutseguka, kenako chitsulo chikugunda pansi.

Anatuluka akupukuta thukuta. "Ba sisi, mwenze munaikamo chani, myala? Na uja muzimayi wa ku Chanyanya ni wovuta, enze afuna kuniitanila polisi ati ndine kawalala, nabwela kuba."

Asisi anali akadali pakhonde, nkhwani zili m'manja. Ine ndinkadikira kuti alire kapena athokoze. Iwo anayang'ana pansi pamene iye anadutsa, n'kunena kuti, "Iwe, walowa ndi nsapato m'nyumba mwanga. Ndakolopa m'mawa womwe uno."

Mlongo wanga, bambo wa ana ake, anawerama pomwepo n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato.